Khansa ikafalikira ku nembanemba ya m'mimba: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakamwa pa odwala ndi magadiyani kuno ku Kasungu, dokotala akangonena kuti khansa yafalikira m'mimba. Ena amafunsa ali m'wodi pachipatala cha boma, ena atachokera ku Mtunthama, Nkhamenya, Santhe kapena Chamama, kalata yowatumiza ku Lilongwe ili m'manja. Mayankhowa salowa m'malo mwa dokotala amene wakugwirani pamimba ndi kuona zotsatira zanu. Alembedwa kuti mukafike kwa iye mukudziwa zoyenera kufunsa.

Kodi nembanemba imene akunenayi ili pati?

Kuseri kwa khungu ndi minofu ya pamimba kuli nembanemba yopyapyala, yosalala ndiponso yonyezimira, imene madokotala amaitcha peritoneum. Imayala khoma lonse la mimba kuchokera pansi pa nthiti mpaka m'chinena, kenako n'kukuta chifu, matumbo, chiwindi ndi chiberekero. Ikanati itambasulidwe, kukula kwake kukanayandikira kukula kwa khungu la thupi lonse. Pamwamba pake pali mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo maselowa amatulutsa timadzi toterera, tosapitirira mamililita 100, kuti matumbo aziyenda popanda kukhulana.

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amawadziwa mafuta opyapyala aja, ooneka ngati ukonde, amene amaphimba matumbo. Munthunso ali nawo, amalendewera kuchokera kuchifu, ndipo dzina lake kuchipatala ndi omentum. Muwakumbukire, chifukwa khansa imawakonda kwambiri.

Khansayo imafikako bwanji?

Kawirikawiri imakhala itayambira pena. Mwa amayi, gwero lodziwika kwambiri ndi mabasiketi a mazira ndi machubu ake. Mwa amuna ndi akazi omwe, imachokera m'chifu, m'thumbo lalikulu, mu kapamba (pancreas), mu ndulu kapena mu kathumbo ka apendikisi. Yoyambira mu nembanemba momwemo iliko, koma ndi yosowa.

Chotupa chikakula mpaka kuboola khoma la chiwalo chimene chilimo, maselo ena amathothoka n'kugwera m'timadzi tija. Safunika kudutsa m'magazi ayi, amangoyandama. Timadzito tili ndi njira yake: mphamvu yokokera pansi imatisonkhanitsa m'chinena, ndipo munthu akamapuma timakokedwa kukwera chakumanja mpaka pansi pa mnofu wopumira umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. N'chifukwa chake dokotala wa opaleshoni akatsegula mimba amayamba kuyang'ana malo omwewo: m'chinena, pansi pa nthiti za kumanja, ndi pa mafuta ophimba matumbo aja.

Nanga maselowo akatera, nembanembayo imasintha motani?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa pafupifupi vuto lililonse limene wodwala amamva limachokera ku kusinthaku.

Poyamba maselo a khansa amamatirira pamwamba, nthawi zambiri ali m'timagulu. Amatulutsa zinthu zimene zimachititsa maselo osalala aja kukhwinyata ndi kutalikirana, mnofu wapansi n'kuonekera, ndipo pamenepo ndi pomwe khansa imazika mizu. Pa mafuta ophimba matumbo pali timadontho toyera pomwe pamasonkhana asilikali a m'thupi. Ntchito ya timadonthoti ndi kusefa tizirombo m'timadzi ta m'mimba, ndiye posefapo timakolanso maselo a khansa, ndipo maselowo amapeza chakudya chokwanira m'mafutamo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nembanemba yeniyeniyo imayamba kugwirira ntchito khansa. Ena mwa maselo ake osalala amasintha n'kukhala maselo opanga zipsera. Amayala ulusi wolimba kuzungulira chotupa, ndipo malo amene anali ofewa amakhuthala, kuuma ndi kukokana. Chotupa chikafika mamilimita ochepa chabe chimafuna magazi akechake, choncho chimatulutsa chinthu chotchedwa VEGF chomwe chimameretsa timitsempha tatsopano. Timitsempha timeneti ndi tomangidwa mwachangu, todontha.

Ndi maso, dokotala amaona zinthu zosiyanasiyana malinga ndi mtundu wa khansa. Mwina timatuza ting'onoting'ono toyera tomwazikana paliponse, mwina zotupa zikuluzikulu, mwina chikhungwa cholimba chokuta matumbo. Mafuta opyapyala aja amatha kusanduka chigulumwa chimodzi cholimba chimene chimamveka ndi dzanja pamwamba pa mchombo. Matumbo amamatirirana, amapindika, ena n'kufinyidwa. Odwala ena amatuluka kachotupa kolimba pamchombo penipeni, ndipo kameneko si kokachedwa nako kunyumba.

Pali mtundu wina wosiyana ndi yonseyi, wochokera ku apendikisi, wotchedwa pseudomyxoma peritonei. Maselo ake salowerera kwambiri m'minofu, koma amapanga zinthu zonanda zimene zimadzaza mimba pang'onopang'ono kwa zaka. Umagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1 miliyoni pachaka.

Madzi odzaza mimbawa akuchokera kuti? Kodi ndi chifukwa chakuti amayi akumwa madzi ambiri?

Ayi, musawamane madzi akumwa. Timitsempha todontha tija timathira madzi ndi zomanga thupi m'mimba usana ndi usiku. Nthawi yomweyo tinjira timene timayamwa madziwo kuwabwezera m'magazi, tomwe tambiri tili pansi pa mnofu wopumira, tatsekedwa ndi khansa. Olowa achuluka, otuluka achepa. Mimba imatha kusunga malita 5, 10 kapena kupitirira apo, n'kumakankha chifu ndi mapapo. Ndiye wodwala amakhuta atangodya pang'ono, ndipo amabanika akagona chagada.

Ndiye kuti aliyense wotupa mimba ndi madzi ali ndi khansa?

Kutalitali. Kuno kwathu funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, ndipo ndikanakonda gadiyani aliyense atalifunsa mokweza.

Matenda a chiwindi ndiwo amadzaza madzi m'mimba kawirikawiri: chiwindi chouma chifukwa cha hepatitis B, mowa kapena likodzo la m'matumbo. Mtima wofooka ndi impso zodwala zimachitanso chimodzimodzi. Koma amene amafanana kwambiri ndi khansa ndi TB ya m'mimba. Nayo imamwaza timatuza toyera pa nembanemba, imakhuthalitsa mafuta ophimba matumbo, imadzaza madzi, imaondetsa munthu. Ngakhale pa sikani, ziwirizi zimatha kuoneka ngati chinthu chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti TB imachira ndi mankhwala a miyezi 6, aulere, opezeka m'zipatala zathu zomwezi.

Kulakwitsa kungachitike mbali zonse ziwiri. Wodwala TB akhoza kuuzidwa kuti palibe chochita, ndipo mayi wa khansa ya mabasiketi akhoza kumwa mankhwala a TB miyezi ingapo khansa ikukula. Ngati munthu wayamba mankhwala a TB ya m'mimba koma patapita masabata angapo sakusintha, bwererani msanga mukafunse kuti amuyezenso. Palinso khansa ya mwanabere yotchedwa lymphoma, yomwe imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV. Nayo imatha kudzaza mimba, koma imamva bwino kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, ndipo ena amachira.

Amayeza bwanji kuti atsimikize?

Zimayambira pachipatala cha boma: kugwira mimba, kuyeza magazi ndi HIV, kujambula chifuwa, ndi sikani ya pamimba imene imaonetsa madzi, chiwindi ndi mabasiketi a mazira. Kenako amatapa madzi a m'mimba ndi singano kuti aone kuchuluka kwa zomanga thupi, ayeze TB ndi kufufuza maselo a khansa. Maselowo akapanda kupezeka pa kuyeza koyamba sizitanthauza kuti kulibe, ndipo nthawi zina pamafunika kutapanso.

Sikani yaikulu ya CT imajambulidwa kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Imathandiza, koma timatuza tochepera theka la sentimita kawirikawiri siitiona. Kuyeza magazi kotchedwa CA-125 kumakwera pa khansa ya mabasiketi, komanso kumakwera pa TB ya m'mimba ndi pa matenda a chiwindi, choncho pakokha sikugamula mlandu.

Chogamula ndi kanyama kodulidwa pa chotupa n'kuonedwa pa maikulosikopu. Ku Kamuzu Central kuli labotale yoyeza tinyama totere kuyambira mu 2011. Zotsatira zimatenga nthawi, ndipo kudikira kumawawa, koma dzina lenileni la khansa ndi limene limasankha mankhwala. Musachoke kuchipatala musanafunse kuti kanyamako katumizidwa liti, nambala yake ndi iti, ndipo zotsatira mukazitenga kwa ndani.

Pa pepala la bambo palembedwa kuti PCI 24. Zikutanthauza chiyani?

Ndi njira yowerengera kuchuluka kwa khansa m'mimba, imene inafalitsidwa mu 1996 ndi dokotala Paul Sugarbaker wa ku Washington pamodzi ndi mnzake Pierre Jacquet. Mimba imagawidwa m'zigawo 13, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 3 malinga ndi kukula kwa chotupa chachikulu chimene chilimo. Zonse pamodzi sizipitirira 39. Pa khansa ya thumbo lalikulu, nambala ikadutsa 20 opaleshoni yaikulu kawirikawiri siipindulitsa. Pa pseudomyxoma, ngakhale nambala ikhale yokwera, opaleshoni imathekabe.

Kodi imachiritsika?

Kwa ambiri siichiritsika kotheratu, ndipo kukubisirani zimenezi kungakhale kukulakwirani. Koma mawu akuti yafalikira sakutanthauza chinthu chimodzi kwa onse. Khansa ya mabasiketi a mazira imamva kemo mwa amayi ambiri: madzi amaphwa, chilakolako cha chakudya chimabwerera, mayi amayambanso kuyenda ndi kugwira tintchito. Kwa ambiri imadzabwereranso, komabe miyezi kapena zaka zimene zapezekazo ndi moyo weniweni. Mwa atsikana ndi amayi achichepere muli mtundu wina wa khansa ya mabasiketi umene umachira ndithu ngakhale utafalikira. Odwala pseudomyxoma amene achotsedwa zonse ambiri amapitirira zaka 10. Yochokera m'chifu kapena mu kapamba ndiyo yovuta kwambiri, ndipo nthawi yake imawerengedwa m'miyezi.

Kemo imagwira bwanji pa matendawa?

Ndiyo chithandizo chachikulu chimene wodwala wa kuno angachifikire, kumalo othandizira odwala khansa a pa Kamuzu Central. Pa khansa ya mabasiketi amaphatikiza mankhwala awiri, carboplatin ndi paclitaxel, m'diripi kamodzi pa masabata atatu, kawirikawiri maulendo 6. Khansa ikachuluka amayamba ndi maulendo atatu kuti ifote, kenako opaleshoni, kenako kemo yotsalayo. Pa khansa ya thumbo lalikulu ndi ya chifu amagwiritsa ntchito kwambiri oxaliplatin pamodzi ndi fluorouracil kapena mapiritsi a capecitabine.

Chovuta n'chakuti mankhwala oyenda m'magazi salowa mokwanira m'zotupa za pa nembanemba, chifukwa cha zipsera zolimba zija ndi timitsempha tosalongosoka. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene khansa ya thumbo yofalikira ku nembanemba imavutira kuposa yofalikira kuchiwindi.

Kemo imafooketsa, imachititsa nseru, ina imathothola tsitsi kapena kuchititsa dzanzi m'zala. Wodwala akatentha thupi ali pa kemo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti ali pa kemo, chifukwa asilikali a m'thupi amakhala atachepa. Amene ali pa ma ARV asasiye.

Tinawerenga pa intaneti za kemo yotentha yothira m'mimba. Ndi chiyani?

Imatchedwa HIPEC, ndipo siiyenda yokha. Imatsatira opaleshoni yaikulu kwambiri imene cholinga chake ndi kuchotsa khansa yonse yooneka ndi maso: kusenda nembanemba pamene yagwidwa, kuchotsa mafuta ophimba matumbo, mwina chiberekero ndi mabasiketi, ndulu, kapena zidutswa za matumbo. Ntchitoyi imatha kutenga maola 6 mpaka 12. Akamaliza, amazunguliza m'mimba mankhwala a kemo otenthetsedwa kufika madigiri 41 mpaka 43 kwa mphindi 30 mpaka 90. Kutenthako kumafooketsa maselo a khansa n'kuthandiza mankhwala kulowa. Komabe amangolowa mamilimita awiri kapena atatu, ndiye ngati patsala chotupa chokulirapo, kuthirako n'kopanda phindu. Woyamba kuchita izi pa munthu anali dokotala John Spratt wa ku America, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1980.

Kafukufuku waonetsa kuti njirayi imathandiza ena, ena ayi. Ku Netherlands, pa amayi 245 a khansa ya mabasiketi amene anayamba ndi kemo kenako opaleshoni, zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti theka la amene anathiridwa HIPEC linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 45.7, pamene theka la osathiridwa linapitirira miyezi 33.9. Ku France, pa odwala 265 a khansa ya thumbo lalikulu, zotsatira za mu 2021 zinali miyezi 41.7 ndi 41.2, kutanthauza kuti kuthirako sikunaonjezere kanthu, koma kunaonjezera mavuto a pambuyo pa opaleshoni. Chimene chinawathandiza odwala a ku France aja ndi kuchotsa bwino khansa yonse.

Ndiye tigulitse ng'ombe ndi ngolo kuti tipite nawo ku India kapena ku South Africa?

Musanagulitse kalikonse, pezani mayankho a mafunso awa kwa dokotala wa khansa: ndi khansa ya mtundu wanji, yagwira zigawo zingati, yafika kunja kwa mimba monga kumapapo kapena kumafupa, ndipo matumbo aang'ono agwidwa motani. Funso lomalizali n'lolemera, chifukwa nembanemba ya pakhoma itha kusendedwa, koma munthu sangakhale ndi moyo atachotsedwa matumbo aang'ono ambiri. Wodwalayo afunikanso akhale ndi mphamvu zoyenda yekha, mtima ndi impso zili bwino. Amene wagonekeratu pamphasa, miyendo yatupa, sangapirire opaleshoni yotere.

Kwa wodwala woyenerera, makamaka wa pseudomyxoma kapena wa khansa ya thumbo yomwe yangogwira pochepa, ulendowo uli ndi tanthauzo, ndipo njira yabwino ndi kudzera mwa madokotala a chipatala chachikulu amene amatumiza odwala kunja. Chimene sindigwirizana nacho ndi munthu wolonjeza machiritso pa WhatsApp asanaone n'komwe sikani kapena zotsatira za kanyama. Banja litha kutaya ndalama zonse za fodya wa chaka, ndi fizi ya ana yomwe, pa chithandizo chimene sichikanamuthandiza wodwala wawo kuyambira pachiyambi.

Nanga PIPAC? Nanga kuwotcha ndi makina?

PIPAC ndi kupopera kemo m'mimba ngati nkhungu kudzera m'timabowo tiwiri. Inayamba ku Germany mu 2011, imabwerezedwa pakapita masabata pafupifupi 6, ndipo cholinga chake ndi kuchepetsa matenda, osati kuchiza. Kuwotcha ndi makina sikugwira ntchito pa khansa yomwazikana mimba yonse, chifukwa mphamvu yokwanira kupha khansayo ingapserezenso matumbo ndi impso. Kumathandiza pa malo amodzi opweteka kapena otaya magazi.

Amati khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Ndi zoona?

Nthawi zambiri chimachitika n'chakuti dokotala atatsegula amapeza kuti inafalikira kale, pomwe sikani siinaonetse, ndipo achibale amaganiza kuti mpeni ndiwo wachititsa. Chenicheni chilipo chimodzi: chotupa chikaphulika pa opaleshoni, maselo amatha kumwazika. Ichi ndi chifukwa chofunira dokotala wodziwa ntchitoyi, osati chifukwa chokanira opaleshoni.

Kupopa madzi sikumafulumizitsa imfa?

Ayi. Madzi amabwereranso chifukwa chimene chikuwapanga chikadalipo, osati chifukwa chakuti anapopedwa. Kupopa kumachitika pachipatala cha boma, ndi kapaipi kakang'ono kolowetsa pamimba atabaya mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo malita angapo akatuluka wodwala amapuma bwino ndi kudya. Zomanga thupi zimatayika nawo, choncho amapopa pamene mimba yalimba ndipo ikusautsa, osati potsata kalendala. Mapiritsi okodzetsa amathandiza kwambiri madzi ochokera ku matenda a chiwindi, koma pa madzi a khansa ya nembanemba kawirikawiri amangomuumitsa munthu kukhosi.

Agogo akusanza chilichonse ndipo sakupita kuchimbudzi. Tichite chiyani?

Kusanza kosalekeza, mimba yopotokola, kusachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, ndi zizindikiro zakuti matumbo atsekeka. Pitani nawo kuchipatala, musawakakamize nsima kapena mankhwala otsegula m'mimba. Ngati patsekeka pamalo amodzi, dokotala akhoza kulambalalitsa thumbo kapena kulitulutsira pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba. Ngati patsekeka malo ambiri, monga zimakhalira kawirikawiri pa matendawa, opaleshoni imaonjezera mavuto. Pamenepo amathandiza ndi kapaipi ka m'mphuno kotulutsa zam'chifu, dexamethasone wochepetsa kutupa, hyoscine woletsa kupotokola, ndi mankhwala a nseru.

Tikuopa mofini. Amati akayamba kumwa ndiye kuti basi.

Mofini sapha munthu akaperekedwa moyenera, ndipo ena amamwa kwa miyezi yambiri akuyenda ndi kucheza. Wamadzi amamwedwa maola anayi aliwonse, osadikira kuti ululu uyambe. Amaumitsa m'mimba, choncho amaperekedwa limodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, koma osati ngati matumbo atsekeka. Funsani za kiliniki ya chithandizo chochepetsa ululu pachipatala cha boma, ndipo funsani msanga, ngakhale wodwala akadali pa kemo. Anamwino a kumeneko amaphunzitsanso gadiyani kusamalira zilonda, kutembenuza wodwala ndi kusunga mankhwala kutali ndi ana.

Azidya chiyani? Nanga mankhwala achikuda?

Pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la nsinjiro kapena la soya, dzira, mkaka, chiponde, nsomba yofewa, nthochi. Amene matumbo ake akuvuta apewe zolimba monga chimanga chokazinga, nyemba za makoko ndi masamba a ulusi wambiri. Kuonda kwa matendawa kumachokera ku khansa yeniyeniyo, si kuti gadiyani walephera kuphika, ndiye musakangane ndi wodwala pa mbale.

Mphini pamimba yodzaza madzi n'zoopsa, chifukwa zimatha kulowetsa tizirombo ndipo madzi amatha kumadontha pabalapo. Zakumwa zina zachikuda zimawononga chiwindi ndi impso, ziwalo zomwe kemo imadalira. Ngati wodwala akumwa zilizonse, muuzeni dokotala mosabisa.

Kodi n'zopatsirana? Ana athu aakazi ali pangozi?

Sizipatsirana, kaya podyera limodzi, pochapa zovala kapena pogona nyumba imodzi. Za kumtundu zilipo pa mabanja ena. Ngati amayi, azakhali kapena achemwali angapo anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya mabasiketi, kapena achibale angapo anadwala khansa ya thumbo asanafike zaka 50, muuzeni dokotala. Dziwaninso kuti kuyezetsa khomo la chiberekero, ngakhale n'kofunika kwambiri, sikuona khansa ya mabasiketi. Mayi amene mimba ikumufufuma tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, akukhuta msanga, akukodza pafupipafupi kapena akumva kuwawa m'chinena, makamaka ngati anasiya kusamba, apemphe sikani ya pamimba m'malo mongobwerezabwereza mankhwala a zilonda za m'mimba.

Abale agwirizana kuti tisawauze mayi. Tikulakwa?

Abale amachita izi chifukwa cha chikondi, koma mayiwo akuona mimba yawo, akumva kunong'onezana panja, ndipo ambiri amadziwa kale. Akabisiridwa amasowa woti alankhule naye za mantha awo, ndipo amalandidwa mpata wokonza za munda, za ana amasiye amene akuwalera, kapena woitanitsa mwana amene ali ku Joni. Sikuti muwakhuthulire zonse tsiku limodzi. Afunseni kaye kuti, “Amayi, inu mukuona bwanji za matendawa? Mukufuna adokotala akufotokozereni zonse, kapena auze ife?” Ena amayankha kuti uzani mwana wanga wamkulu, ndipo zimenezo n'zoyenera kulemekezedwa. Ngati kukuvutani kuyamba nkhaniyi, pemphani namwino wa chithandizo chochepetsa ululu, abusa kapena shehe amene mayiwo amawakhulupirira kuti akhale nanu pokambirana.